Dongo, Moto ndi Phale: Mbiri ya Mbaula ya Chitetezo ku Balaka

Boma la Balaka, lomwe linapatulidwa ku boma la Machinga m'chaka cha 1998, lili m'chigwa chotentha ndiponso chouma pakati pa mapiri a Ntcheu ndi mtsinje wa Shire, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali munali anthu oposa 438,000, amene ochuluka mwa iwo amaphikira nkhuni, makala kapena zotsalira za m'munda. Dera limeneli ndi limodzi mwa madera amene mbaula yadongo yotchedwa Chitetezo inazika mizu msanga, ndipo mbiri ya mbaulayi ndi yoyenera kuilondola chifukwa ikuonetsa, m'chipangizo chotsika mtengo chimene mayi amachinyamula ndi manja awiri, nkhani imene akatswiri a zopangapanga akhala akulimbana nayo kwa zaka zoposa 50. Nkhaniyo ndi yakuti chinthu chilichonse chopangidwa chili ndi moyo wake, umene umayamba pamene zipangizo zake zikukumbidwa kapena kudulidwa, n'kupitirira pa kupangidwa, kunyamulidwa ndi kugwiritsidwa ntchito, mpaka pamene chatha n'kutayidwa. Ndipo wopanga amene akufuna kusamala chilengedwe ayenera kulemba zofunika za gawo lililonse la moyo umenewu chinthucho chisanapangidwe, pakuti chikangotuluka m'manja mwake zambiri sizingasinthidwenso.

Luso loumba ndi lakale kwambiri m'chigawo chino. Mapale amene Keith Robinson anafukula ku Nkope, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi, m'zaka za m'ma 1960, ndi a anthu oyambirira kusula chitsulo ndi kulima m'dera lino zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo akatswiri ofukula zakale amasiyanitsa mibadwo yotsatira potengera maumbidwe ndi zokongoletsa za mbiya zawo, zimene amazitchula mayina a malo monga Kapeni, Mawudzu ndi Nkhudzi. Pakati pa Amang'anja ndi Anyanja, komanso pakati pa Ayao amene anadzakhazikika m'mbali mwa Shire chapakati pa zaka za m'ma 1800 pansi pa mafumu monga Liwonde, Kalembo ndi Msamala, kuumba inali ntchito ya amayi, ndipo mwana wamkazi ankaiphunzira poyang'ana manja a amayi ake kapena a agogo ake. Woumba ankadziwa mtapo, kutanthauza malo amene amatapako dongo labwino, ankadziwa kulisiyanitsa ndi dothi wamba polikanya ndi zala, ndipo ankadziwanso kuti mtsuko wosungira madzi umafuna thupi lopuma pang'ono kuti madzi azizizira, pamene mphika wa ndiwo ndi nkhali ya nsima zimafuna kupirira moto tsiku ndi tsiku. Zofunika zimenezi sizinalembedwe paliponse, komabe zinkakhudza moyo wonse wa chiwiya, chifukwa ngakhale mbiya itasweka, phale lake linkakazingira chimanga ndi mtedza, linkapalira moto kuchoka kunyumba ina kupita ku ina, linkamwetsa nkhuku, ndipo chotsalira chake chinkabwerera m'nthaka popanda kuiwononga. Sikoyenera kuwakometsera makolowo mopitirira, ngati kuti ankachita zimenezi pofuna kuteteza chilengedwe monga mmene mawuwa amamvekera lero. Iwo ankangogwiritsa ntchito zimene zinalipo, ndipo popeza anthu anali ochepa ndi mitengo yambiri, nkhuni zowotchera mbiya pamtetete sizinkawerengedwa n'komwe ngati mtengo wa chiwiyacho.

Zinthu ziwiri zinasintha m'zaka za m'ma 1900. Choyamba, mapoto ndi masefuliya a aluminiyamu, kenako zidebe ndi zigubu za pulasitiki, zinalanda malo a mbiya m'makhitchini ambiri, kotero kuti luso loumba linayamba kuonedwa ngati la okalamba. Chachiwiri, mitengo inayamba kutha. Njanji yochoka ku Blantyre kupita ku Salima, imene inatsegulidwa mu 1935, inadutsa pa Balaka n'kusandutsa malowo kukhala msika wa thonje ndi mbewu zina, ndipo mu 1970 njanji ina yopita ku doko la Nacala inayambira pa Nkaya, m'boma lomweli. Minda inakula, anthu anachuluka, ndipo nkhalango za tsanya ndi mitengo ina yolimba zinayamba kudyedwa ndi mauvuni a njerwa, mauvuni a laimu a m'mapiri a Chenkumbi, ndiponso makala opita ku Blantyre ndi ku Zomba, amene matumba ake akhala akuoneka m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Phalula kwa zaka zambiri. Kubwera kwa anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, kuyambira cha mu 1986 mpaka kubwerera kwawo cha mu 1994, kunawonjezera vuto la nkhuni m'maboma a m'malire monga Ntcheu ndi Mangochi, ndipo kunachititsa mabungwe ambiri kuyamba kuganizira za kaphikidwe kosawononga nkhuni. Zotsatira za kutha kwa mitengo sizinathere m'midzi yokha, pakuti dothi lokokoloka kudzera m'mitsinje monga Rivirivi limakathera mu Shire, momwe limasokoneza makina opangira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndipo magetsi akamazimazima, anthu a m'mizinda amagula makala ochulukirapo, mitengo n'kumatherabe.

Mafuwa, miyala itatu imene mphika umakhalapo, ndiwo anali chipangizo chofunika kuchiposa, ndipo kuwaposa sikophweka monga mmene alendo ambiri ankaganizira. Mafuwa sagulidwa, sawonongeka, amalandira mphika wa msinkhu uliwonse ndi chikuni cha utali uliwonse, amawalitsa ndi kufunditsa nyumba m'nyengo yozizira, ndipo utsi wake umateteza denga laudzu ndi mbewu zopachikidwa ku tizilombo. Chofooka chake n'chakuti kutentha kochuluka kumathawira m'mbali ndi mphepo, moti gawo limene limalowa mumphika nthawi zambiri limangopitirira pang'ono limodzi mwa magawo 10, ndiponso motowo umakhala poyera pamene ana okwawa angagweremo. Mbaula zambiri zimene zinayesedwa m'mayiko a mu Africa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zinalephera chifukwa opanga ake anayang'ana nambala imodzi yokha, ya nkhuni zopulumutsidwa poyeserera m'chipinda cha akatswiri, n'kuiwala kuti chipangizocho chiyenera kupangidwa ndi wina, kugulidwa ndi wina, kukonzedwa chikawonongeka ndi kupezekanso chikatha.

M'mayiko a mafakitale, maganizo oyeza moyo wonse wa chinthu amawalondola kuchokera ku kafukufuku amene kampani ya Coca-Cola inachititsa mu 1969 poyerekeza mabotolo ndi zotengera zina za zakumwa, ndipo anadzakhazikika pamene bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO linatulutsa muyezo wa ISO 14040 mu 1997, kenako chikalata cha ISO/TR 14062 mu 2002, chimene chinkalongosola mmene nkhani za chilengedwe zingalowere m'kapangidwe ka katundu kuyambira pachiyambi. Phunziro lalikulu la njira imeneyi ndi lakuti kukonza gawo limodzi kungathe kungosamutsira vuto ku gawo lina, monga pamene chipangizo chosawononga mphamvu pochigwiritsa ntchito chikhala chowononga kwambiri pochipanga kapena pochitaya. Amene anakonza mbaula ya Chitetezo sankalemba malipoti a mtundu wa ISO, koma umphawi wa ogula unawakakamiza kufunsa mafunso omwewo. Mbaulayi inachokera ku mbaula ya ku Kenya yotchedwa Upesi, imene magulu a amayi oumba a kumadzulo kwa dzikolo ankapanga mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Intermediate Technology Development Group ndi la ku Germany la GTZ, ndipo kuno ku Malawi inasinthidwa ndi kuyesedwa m'boma la Mulanje, pansi pa ntchito yolimbikitsa chakudya chokwanira imene GTZ inkathandiza pamodzi ndi ndondomeko yake ya ProBEC yosamalira nkhuni m'mayiko a kumwera kwa Africa. Ku Balaka inafika makamaka kudzera m'bungwe la Concern Universal, limene mu 2016 linasintha dzina kukhala United Purpose, ndipo linaphunzitsa magulu oumba m'dera la mfumu yaikulu Msamala ndi madera oyandikana nalo.

Chofunika choyamba chinali chakuti chipangizo chonse chichokere m'dera momwemo, popanda chitsulo, simenti kapena china chilichonse chofuna ndalama zakunja, ndipo apa m'pamene nzeru za oumba akale zinapezanso ntchito, chifukwa si dongo lililonse limene lingapirire kutenthedwa ndi kuzizira kawiri kapena katatu pa tsiku. Gulu lisanayambe ntchito, dongo la pamtapo limayesedwa poumba ndi kuwotcha mbaula zochepa, ndipo likavomerezeka limakumbidwa, kunyowetsedwa ndi kuvundikiridwa m'dzenje kwa masabata angapo kuti lifewe mofanana, kenako limapondedwa ndi mapazi ndi kuchotsedwa timiyala ndi mizu, pakuti kamwala kamodzi kotsalira kangathe kung'alula mbaula yonse mu uvuni. Kusiyana kwakukulu ndi kuumba kwa makolo kuli pa chikombole. Woumba mbiya amatsata diso ndi dzanja lake, ndipo mbiya ziwiri sizifanana ndendende. Koma mbaula imagwira bwino ntchito pokhapokha ngati kukula kwa chipinda cha moto, kukula kwa khomo lolowetsera nkhuni ndi mpata wa pakati pa mphika ndi mlomo wa mbaula zili pa muyezo wake. N'chifukwa chake dongo limaikidwa m'chikombole chachitsulo chokhala ndi chopalira chozungulira chimene chimasiya khoma lochindikala mofanana, ndipo khomo, zogwirira ziwiri ndi timitu titatu tokhazikapo mphika zimadulidwa kapena kumatidwa potsata zoyezera. Timitu tikatalika kwambiri, kutentha kumathawa ngati pa mafuwa pomwe. Tikafupika, moto umabanika n'kufuka utsi. Pamenepa chofuna cha chilengedwe, chomwe ndi kuchepetsa nkhuni, chinasandulika kukhala muyezo wa masentimita umene mayi wosadziwa kulemba angathe kuutsata ndi kachitsulo koyezera, ndipo kumeneku ndiko kupambana kwenikweni kwa mbaulayi, kuposa maonekedwe ake.

Gawo lowotcha ndi limene likanatha kugwetsa cholinga chonse. Mbaula yaiwisi imaumitsidwa pang'onopang'ono pamthunzi kwa masabata angapo, ndipo ikauma iyenera kuwotchedwa kuti ilimbe. Koma kuwotcha pamtetete, monga mmene mbiya zinkawotchedwera, kumadya nkhuni zambiri, kumapsereza mbali imodzi n'kusiya ina yosapsa, ndipo kumaswa zambiri. Chipangizo chopulumutsa nkhuni chimene chimayamba moyo wake ndi ngongole yaikulu ya nkhuni chiyenera kubweza ngongoleyo chisanayambe kupindulitsa nkhalango, ndipo mbaula iliyonse yosweka mu uvuni imawonjezera ngongole ya zinzake zopulumuka. Pofuna kuthana ndi zimenezi, magulu anaphunzitsidwa kumanga uvuni wozungulira wa njerwa, umene umalandira mbaula zambiri nthawi imodzi, umasunga kutentha ndipo umalola kuti moto ukwere ndi kutsika pang'onopang'ono. Nzeru yofananayo inali itayesedwa kale m'boma lomweli pa ntchito ina, pamene kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 bungwe la Intermediate Technology Development Group linagwira ntchito ndi owotcha laimu a ku Chenkumbi poyesa uvuni wautali woimirira m'malo mwa mauvuni awo akale odya mitengo ikuluikulu.

Kulemera ndi kusweka msanga kwa dongo lowotcha kunalamula kuti mbaula zizipangidwa pafupi ndi ogula, chifukwa ulendo wautali pa lole kapena pa njinga m'misewu yafumbi umaswa zambiri ndi kukweza mtengo, ndipo zimenezi, ngakhale zimachepetsa mafuta a galimoto, zimabweretsa vuto lina loonetsetsa kuti magulu ambirimbiri omwazikana akutsata muyezo umodzi. Pa kagwiritsidwe ntchito, mbaulayi inapangidwa yonyamulika kuti mayi aziphikira pabwalo m'chilimwe ndi pakhonde m'dzinja, yokhazikika pansi kuti isagwedezeke pamene nsima ikuvundulidwa ndi mthiko, ndiponso yolandira tinkhuni ting'onoting'ono, zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo, zimene pa mafuwa zimangolilima n'kutha. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri ku Balaka, kumene nandolo amalimidwa kwambiri chifukwa amapirira chilala, ndipo ntchito zina za mbaula zinkalimbikitsa dala kulima nandolo kuti banja lipeze ndiwo, ndalama ndi nkhuni m'munda umodzi. Poyesa m'makhitchini enieni, nkhuni zopulumutsidwa nthawi zambiri zimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, zomwe ndi zochepa poyerekeza ndi zimene otsatsa ena amalonjeza, koma ndi zambiri kwa munthu amene amakatola nkhuni mtunda wautali.

Pali chofunika chimodzi chimene dongo silinathe kukwaniritsa, ndicho kuchotsa utsi. Mbaula ya Chitetezo ilibe chumuni, ndipo ngakhale imachepetsa utsi chifukwa chakuti nkhuni zoyaka n'zochepa, kayakidwe kake sikasiyana kwambiri ndi ka pa mafuwa. Mbaula zachitsulo zochokera kunja, zokhala ndi kachipangizo kopemerera mphepo koyendera batire, zimayaka bwino kwambiri, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 amene anayeza utsi m'nyumba za m'midzi ya m'Malawi anapeza kuti mbaula ya Philips inachepetsa tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi ndi 45 peresenti pa kilogalamu iliyonse ya nkhuni, ngakhale kuti zimenezi zinali zochepa poyerekeza ndi zimene zinkaoneka m'chipinda choyesera. Komabe kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS, amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000 ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, sanapeze umboni wakuti mbaula zoterozo zinachepetsa chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu, ndipo zina mwa zovuta zimene zinaoneka n'zakuti mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri, zinkafuna amisiri ozikonza, ndipo mabanja ankabwerera ku mafuwa. Chipangizo chopambana pa gawo limodzi la moyo wake chinagonja pa gawo la kukonza ndi kupezeka kwa zida zosinthira, ndipo chikatha chimasiya batire ndi mawaya zimene mudzi ulibe kozitaya. Izi sizikuchotsa mlandu wa utsi pa mbaula yadongo. Zikungoonetsa kuti palibe imodzi mwa ziwirizi imene inakwaniritsa zofunika zonse, ndiponso kuti kusankha pakati pa izo ndi kusankha vuto limene anthu angathe kulisenza.

Kufala kwakukulu kunadza pamene boma la Mayi Joyce Banda linalonjeza mu 2013 kuti pofika 2020 m'dziko muno mudzakhale mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni, ndipo mbaula ya Chitetezo ndiyo inanyamula gawo lalikulu la chiwerengerocho. Ku Balaka, kumene dziko la Ireland linkathandiza ndondomeko ya Mtukula Pakhomo yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, mabanja a m'ndondomekoyo ankalandiranso mbaula, zomwe zinapatsa magulu oumba msika wodalirika. Kuti anthu ankaifunadi zinaoneka m'kafukufuku wa Pamela Jagger ndi Charles Jumbe wofalitsidwa mu 2016, mmene mabanja 383 a m'midzi anapatsidwa mwayi wosankha pakati pa mbaula ndi phukusi la shuga ndi mchere la mtengo wofanana, ndipo 66 mwa 100 alionse anasankha mbaula. M'zaka zomwezo malamulo a dziko anayamba kuyang'ananso magawo ena a moyo wa katundu: malamulo a 2015 oletsa mapepala apulasitiki opyapyala osakwana mamaikiloni 60, amene khoti lalikulu la apilo linawavomereza mu 2019, amayang'ana mathero a chinthu; malamulo a 2018 oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda amayang'ana chiyambi chake; pamene kusinthidwa kwa lamulo la nkhalango la 1997 mu 2020 kunakhwimitsa zilango pa makala opangidwa popanda chilolezo.

Mbali ina ya ndalama zofalitsira mbaula inachokera ku malonda a mpweya wa kaboni, amene anakula kutsatira pangano la ku Kyoto la 1997. M'malonda amenewa, ntchito imene yachepetsa mpweya wotenthetsa dziko imapatsidwa ziphaso, chimodzi pa tani iliyonse, ndipo makampani a m'mayiko olemera amagula ziphasozo kuti aphimbe mpweya umene iwo atulutsa. Njira imeneyi inabweretsa mwambo wabwino wolemba manambala pa mbaula, kusunga kaundula wa mabanja ndi kuyendera makhitchini, koma inakokeranso maso onse ku gawo limodzi la moyo wa chipangizo, la kuphika, chifukwa ndi lokhalo limene limabala ziphaso. Ngakhale pa gawo limeneli mawerengedwe ake akhala akutsutsidwa, pakuti akatswiri a ku University of California ku Berkeley, polemba m'magazini ya Nature Sustainability mu 2024, anapeza kuti ntchito za mbaula za m'mayiko osiyanasiyana zimene anaziunika zinapatsidwa ziphaso zochuluka pafupifupi ka 9 kuposa mpweya umene zinachepetsadi, mwa zina chifukwa choganiza kuti mabanja amagwiritsa ntchito mbaula nthawi zonse ndi kusiyiratu mafuwa.

Magawo amene sabala ziphaso ndi amene atsalira m'mbuyo. Mtapo umene kale unkatapidwa ndi amayi ochepa pa chaka tsopano ungathe kutulutsa dongo la mbaula zikwizikwi, ndipo popeza dongo labwino limapezeka kawirikawiri m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, maenje osakwiriridwa amagumula magombe, amasunga madzi oswanirana udzudzu ndipo amadzetsa mikangano ya umwini wa malo, nkhani zimene zimathera kwa nyakwawa osati kwa wopanga chikombole. Chimodzimodzinso, mbaula yadongo imakhala zaka zowerengeka chabe isanang'aluke, makamaka ikanyowa ndi mvula kapena ikazimitsidwa ndi madzi ili yotentha, kotero kuti chiwerengero cha mbaula zogawidwa si chiwerengero cha mbaula zimene zili pamoto lero. Banja limene linalandira yoyamba kwaulere liyenera kupeza yachiwiri pamsika, pa mtengo umene lingakwanitse koma umene ungalipirenso masabata a ntchito ya woumba, ndipo m'midzi imene gulu loumba linkadalira bungwe kugula katundu wake yense, kutha kwa ndalama za ntchitoyo kumatanthauza kuti uvuni umazizira pa nthawi yomwe mbaula zoyambazo zayamba kusweka.